Soda Amene Ndinkawamwetsa Kumunda

Ayi, soda ayi. Lemba zimenezo poyamba penipeni, asanawerenge china chilichonse: soda musawapatse. Wati apongozi angawo afunsa kuti chiyani, tawerenganso pang'onopang'ono. Eya. Kuti ndinkaika wochuluka bwanji m'kapu, chifukwa amalume ako nawonso ayamba kudandaula chilungulira akamalima. Iii, mwana iwe. Khala bwino pamkekapo, foniyo uigwire ndi manja awiri, nkhaniyi ndi yaitali. Ulembe mmene ndikuyankhuliramu, usakonze ngati za kusukulu.

Apongozi anga inu a ku Lirangwe, ndine amayi a amuna anu, ndikuyankhula kuno ku Chileka, wolemba ndi mdzukulu wanga wamkaziyu. Muyezo wa sodayo ndikuudziwa kuposa wina aliyense m'mudzi muno, koma sindikuuzani. Inu mumangodziwa kuti amuna anga anadwala mtima, munabwera kudzawazonda kuchipatala ndi nthochi zija. Mmene zinayambira simukudziwa, chifukwa nkhaniyi ine ndimaifotokoza kuyambira pa ambulansi. Lero ndiyambira kumunda.

Madalawa kwawo ndi ku Kuntaja. Kuno anabwera chikamwini, monga mwana wanga alili kwanuko. Anafika ndi bulangete limodzi, khasu, ndi wayilesi yosalira. Alongo anga, amuna atatu amwano, anawayang'ana kuyambira kumapazi, ndiye wamkuluyo amvekere, “Alamu, miyendo imeneyi ndi yolimira kapena yovinira?” Madala anayankha ndi khasu. Chaka chilichonse munda wathu unkakhala woyamba kutha mizere, mpaka amayi anga, munthu wosayamika, ankati akamanyoza akamwini ena ankaloza kwathu. Ulemu wonse umene anali nawo m'mudzi muno unali pa khasu limenelo. Ine ndinkanyada nazo, ndisaname. Pachitsime ndinkayenda ngati mwamuna ndinamuumba ndekha.

Ndiye tinakalamba, ana anabalalika, munda ndi womwewo. Kuti ufike kumundako umawoloka kakhwawa, kenako pali kachitunda, si kakakulu, ana amathamangapo ndi zidebe pamutu. Chaka china, nthawi yogalauza, ndinayamba kuona kuti madala akafika pakati pa kachitundako akuima. Aima, aika khasu pansi, ayang'ana kumwamba. Paja kwathu kuno ndege zimadutsa pamutu penipeni zikamatera, mpaka nkhuku zinazolowera. Ndiye iwo ankaima ngati akuonera ndege.

Ndimvekere, “Inu, ndege mwayamba kuiona lero? Zaka zonsezi?”

Amvekere, “Ndikuona ngati woyendetsayo ntchito akuidziwa.”

Ndinkaseka. Tsiku lina kunalibe ndege, kumwamba kuli mbee, iwo aima ndithu, maso kumwamba, dzanja ili pachifuwa. Mlongo wanga wotsiriza, amene anatsala moyo pa atatu aja, ankadutsa ndi njinga. Anafuula ali patali, “Alamu, ya ku Joni yachedwa? Tikiti mwagula koma?” Anthu m'minda kuseka konse. Ine ndinamva manyazi. Osati chisoni, lemba bwino pamenepo, manyazi. Ndinawayandikira n'kuwauza motsitsa mawu kuti, “Tiyeni, mukundichititsa manyazi, anthu ayamba kunena kuti mkamwini wa kwa ife watha.” Ananyamula khasu n'kuyenda.

Madzulo ake ndi pamene ndinawafunsa kuti kwenikweni chikuvuta n'chiyani. Anati pakatikati pa chifuwa pakumalemera, ngati wina wawakhalira, ndipo pakumatentha, nthawi zina mpaka kukhosi ndi nsagwada. Dzanja lamanzere likumachita dzanzi. Ndinati zimabwera liti. Anati akamakwera chitunda, akamalima mwamphamvu, makamaka m'mawa kukazizira, kapena akadya kwambiri n'kunyamuka nthawi yomweyo. Ine kungomva zoti kutentha pachifuwa, zoti akadya, basi ndinamaliza mlandu. Ndinati chimenecho ndi chilungulira, mbatata zachuluka. Amayi anga ankachiza chilungulira ndi chidulo, ife a masiku ano tili ndi soda wophikira therere. Za dzanjalo ndinati mumaligonera.

Kuyambira pamenepo soda sankachoka pathupi panga. Ndinkamukulunga m'kapepala ka shuga n'kumanga pansonga ya chitenje, pamene ena amamanga fodya. Botolo la madzi ndi kapu ya pulasitiki zinkakhala m'dengu. Tikamalima, ndikangoona khasu lawo layamba kutsalira, iwo ankati, “Mayi, soda uja.” Ine ndisiye khasu, ndipite pamene tasiya dengu, ndimasule chitenje, ndisungunule ndi kamtengo, ndibwere nayo. Nthawi yonseyo iwo akhala pamzere. Amwe pang'onopang'ono, nkhope atakwinya, paja soda sakoma. Kenako tidikire kuti ageye. Akangogeya, ine ndinkati, “Mwaona? Wagwira. Dzukani.” Ndipo ankadzukadi, ululu utapita, n'kulima bwinobwino.

Nanga munthu ungakayikire chiyani? Mankhwala wapereka, wodwala wachira pamaso pako. Ndinayamba mpaka kulangiza anzanga a kumvano. Inunso apongozi munamva kwa ine, tsiku lija munabwera ndi mwana wakhanda, ndinakuonetsani kapepala kaja monyadira. N'chifukwa chake lero mwafunsa ine. Mbewu imeneyi ndinadzala ndekha.

Zinayenda choncho chaka chimenecho ndi chotsatira chake. Koma soda ankatha msanga. Poyamba ankapempha kamodzi pa m'mawa wonse, kenako kawirikawiri, mpaka therere la pakhomo ndinabwerera kuphikira chidulo kuti soda akwanire kumunda. Ndinkadandaula mokweza. Ndinkati, “Inu mimba yanuyi yasanduka mphika wa therere.” Iwo ankangoseka. Mwana wanga wamkazi, amake a wolembayu, anabwera kuchokera ku Ndirande n'kunena kuti bambo apite akayezetse BP. Ine ndi amene ndinakana. Ndinati kuchipatala munthu amataya tsiku lonse pamzere, mvula ili pafupi, mizere sinathe, akapita tikadzala. Titadzala ndinati tikapalira. Titapalira ndinati tikabandira. Ukudziwa iwe, ntchito ya kumunda ilibe pothera, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Tsiku lake linafika chaka chitazungulira, linali la mvula yoyamba yodzalira. Inagwa dzulo lake, ya mphamvu, kutacha mudzi wonse unali m'minda, paja tsiku limenelo ukachedwa chinyezi chimakuthawa. Tinanyamuka kukuzizira. Iwo kutsogolo akukumba mapando, ine pambuyo ndikuponya mbewu n'kukwirira ndi phazi. Sitinafike patali, anati, “Mayi, soda.” Ndinakwiya. Ndinati ngakhale dzuwa silinatuluke bwino. Ndinasungunula, anamwa, anageya. Ndinati dzukani. Sanadzuke.

Thukuta linali kutsika ngati awathira madzi, koma nditawagwira pamphumi anali ozizira. Nkhope inachita phulusa. Anasanza. Ine m'mutu mwanga ndinati soda wachepa, ndinasungunula wina, wochulukirapo. Ndinawakokera pansi pa mtengo wa mango, ndinawayalira chitenje, ndinati gonani pang'ono zidutse. Ndiye, lemba ndithu usandiyang'ane, ine ndinatenga khasu lawo n'kupitiriza kudzala ndekha. Ndinkati ndikafika kumapeto kwa mzere ndicheuke, ndiwaone ali chigonere, ndinene mumtima kuti akupuma. Ndinadzala mpaka dzuwa linafika pamutu. Chimene chinandibweza si nzeru zanga. Ndi mayi wina wa munda woyandikana nafe amene anapita kukapempha madzi akumwa pamtengopo, n'kukuwa.

Mwana wa mayi ameneyo ali ndi njinga yamoto. Anawakweza pakati, mlongo wanga yemwe uja wa tikiti ya ku Joni atawagwira kumbuyo, nthabwala zonse zitamuthera. Kuchipatala chathu chaching'ono sanachedwe nawo, anangowayeza n'kuitana ambulansi ya ku chipatala chachikulu m'tauni. Mbali imeneyo mukuidziwa.

Chimene simukudziwa ndi zimene tinakambirana ndi dokotala patapita masiku, madala atayamba kukhala tsonga. Anali mtsikana, wamng'ono ngati wolembayu, tsitsi lometa. Anakoka mpando n'kuwafunsa kuti, “Agogo, ululu umenewu unayamba liti?” Iwo amvekere, “Tsiku lomwelo, m'mawa.” Bodza, pamaso panga. Ine ndinati ayi adokotala, ndi chilungulira chakale, koma chinkamvera soda.

Anatembenukira kwa ine. “Chinkabwera akamatani?”

“Akamalima, kapena pachitunda.”

“Sodayo ankamwa ataimirira?”

“Ayi, ndinkawakhazika pamzere.”

“Kwa nthawi yaitali bwanji?”

“Mpaka ageye.”

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, “Amayi, chimene chinkawathandiza si soda. Ndi kukhala pansiko.”

Ndiye anatifotokozera, ndipo ine ngakhale sindinapite kusukulu ndinamva zonse, chifukwa nkhani ikakhala yako makutu amatseguka. Anati mtima umatumiza magazi thupi lonse, koma nawonso ndi nyama, umafuna kudya. Uli ndi timitsempha taketake timene timauyanga kunja ngati mizu, ndi timene timaudyetsa. Munthu akakhala phee, mtima umagwira ntchito yochepa, umafuna magazi ochepa. Akanyamula khasu, mtima umagunda mwamphamvu, njala yake imakula, ndiye timitsempha tija timatseguka tokha kuti magazi adutse ambiri. Palibe amatiuza, timadziwa tokha. Ndi mmene Mulungu anapangira munthu wabwinobwino.

Koma kwa ena, anati, mkati mwa timitsempha timeneti mumamatirira mafuta pang'onopang'ono kwa zaka, njira imachepa, ndipo timauma, sititha kutseguka bwino. BP, shuga, fodya, ukalamba, zonsezo zimathandizira, ndipo nthawi zina zimayenda m'magazi a pabanja. Mawu amenewo a pabanja muwasunge, ndibwereranso. Anagwira kapaipi ka dilipi kamene kanali pa mkono wa madala, anakapana pang'ono ndi zala, madontho aja n'kuyamba kugwa mwa apo ndi apo. Anati, “Mwaona? Akupitabe. Munthu atakhala pansi, amenewa akukwana. Koma akakwera chitunda mtima ukufuna ochuluka, njira ndi yomweyi. Ululu uja ndi mtima ukulira njala. Akakhala pansi njala imachepa, ululu umapita.”

Ananenanso china chimene chinandidabwitsa. Anati mtima sumadya pamene ukufinya, chifukwa ukafinya umapana timitsempha take tomwe. Umadya pamene wamasuka, pakati pa kugunda ndi kugunda. Ndiye ukamathamanga kwambiri, kampata kodyerako kamachepa, pomwe njala ndiye yakula. Ine ndinaganiza za kusinja. Mpweya umaukoka munsi uli m'mwamba. Wina akamakufulumizitsa, umabanika. Ndipo wofulumizitsa pa nkhani iyi anali ndani?

Za tsiku lodzala lija anati pamene panamatirira mafuta panang'ambika, magazi anaundana pomwepo, njira inatsekeka yonse. Pamenepo ngakhale ukhale pansi, ngakhale ugone, ululu suchoka, chifukwa palibe chikudutsa. Mbali ya mtima imene inkadyera njira imeneyo imayamba kufa, ndipo nthawi ikamapita imafa yokulirapo. Yafayo siphukanso. Anafunsa kuti kuchokera pamene anayamba kutuluka thukuta mpaka kufika kuchipatala panapita nthawi yotani. Ndinayang'ana pansi. Madala ndi amene anayankha, amvekere, “Mayendedwe ndi ovuta kwathu.” Anandiphimba.

Chimanga chimene ndinadzala tsiku limenelo chinabereka bwino, mwana iwe. Chinabereka kuposa zaka zonse. Ndinkadutsa m'mizere imeneyo osafuna kuyang'ana.

Pano agogo akowo ndi awo ali pakhondepo, ukuwaona. Ali moyo, tithokoze. Amamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo ali ndi kena kakang'ono koika pansi pa lilime chifuwa chikayamba kulemera, akuti kamatsegula mitsempha. Koma munthu amene ankamaliza munda woyamba m'mudzi muno, lero akangochoka pakhonde kufika kubafa amapuma kaye panjira. Miyendo imatupa. Khasu lawo lili kudenga, ndinalibisa kuti asamalione, koma amadziwa pamene lili. Nthawi ya mizere amakhala chete tsiku lonse, kumvetsera makasu a anthu ena.

Tsiku lina ndikuwadula zikhadabo ndinalephera kupirira. Ndinati, “Inu, soda uja ndinakupwetekani naye.” Anandiyang'ana n'kuseka, kuseka kwawo kwa masiku ano kothera m'chifuwa. Amvekere, “Mayi, mukuganiza kuti ine sindinkadziwa kuti soda sankachita kanthu? Ululu unkayamba kuchoka inu musanamalize n'kusungunula komwe.”

Ndinati nanga munkapempheranji?

Amvekere, “Mkamwini angakhale pansi m'munda wa eni ake popanda chifukwa? Munthu akamamwa mankhwala palibe amamuseka. Soda wanu ndi amene ankandipatsa mpando.”

Zaka zonse zimene akhala pano, ana tabereka, ena taika m'manda a m'mudzi muno, adzukulu ndi awa, koma iwo mumtima anali akadali mlendo wa bulangete limodzi, woopa kuoneka waulesi. Ndipo amene ankayenera kuwauza kuti khalani pansi, pano ndi panu, ndi amene ankati dzukani. Ndimati ndikawapatsa phala m'mawa, mawu amenewo amandibwerera. Iwo sandisungira kanthu. Mwina akanandisungira, bwenzi zikundipepukira.

Tsopano apongozi, mvetserani, apa ndi pamene ndimafuna kufika. Mwezi watha ndinabwera kwanuko ku maliro a azakhali anu. Pobwerera mwana wanga anandiperekeza kukakwera minibasi pa Lirangwe, akukankha njinga, thumba la chinangwa limene munandipatsa lili pakaliyala. Pa kamtunda kaja kotulukira kumsewu waukulu anaima. Anagwada n'kuyamba kugwiragwira tcheni. Ndinayang'ana, tcheni chili bwinobwino pamalo pake. Anakhala chogwada pamenepo, dzanja lina pa tcheni, lina apa. Atadzuka anati, “Chimavutavuta chimenechi.” Kwanuko kulibe ndege, ndiye iye wapeza tcheni.

Ndinaona, ndinadziwa, ndipo sindinanene kanthu. Mumtima ndinati ndili m'mudzi wa eni, kumbuyo kwathu kukubwera amalume anu ndi anthu ena a kumaliro, ndikayamba kufunsa mwana wanga za m'chifuwa pamaso pawo aziti mayi wabwera kudzanena kuti tikumugwiritsa ntchito mwana wake. Ndinakwera minibasi ndi chinangwa changa. Manyazi omwe aja, a pachitunda. Munthu kukalamba osaphunzira. Mwezi wonsewu ndakhala ndikunena kuti ndiimba foni mawa, ndiye lero mwandiyamba ndinu, ndi funso la soda.

Ine si dokotala. Mwina mwana wangayo ndi chilungulira chenicheni, paja amakonda tsabola ngati bambo ake. Ngati ndi choncho akatiuze a chipatala, tidzaseke tonse, mudzanditche nkhalamba yamantha. Koma mufunseni mafunso amene ine ndinafunsidwa mochedwa. Chimabwera akamatani? Akakhala pansi osamwa kanthu, chimachoka? Chimafika kukhosi kapena kudzanja? Ndipo musamufunse pagulu, akanama. Mufunseni muli awiri. Kaya ayankha bwanji, mawa m'mawa apite kuchipatala, inu mupite naye, mukalowe naye limodzi, chifukwa akalowa yekha akanena kuti zayamba dzulo. Mukawauze a chipatala kuti bambo ake omubereka anadwala mtima, mawu a pabanja aja. Akamuyeze BP ndi shuga. Ndipo tsiku lina chikadzamugwira osachoka atakhala pansi, thukuta lozizira, mseru, musadzasungunule kanthu, musadzadikire dzuwa. Njinga yamoto nthawi yomweyo.

Ndikudziwa chimene anene. Anena kuti mizere sinathe, mitambo yayamba kusonkhana, akapita akadzala. Mawu amenewo ndi anga, anayamwa kwa ine. Musamumvere. Za mizere, wolembayu ndi alongo ake awiri abwera Loweruka ndi makasu awo. Usandiyang'ane choncho iwe, ubwera, manja amenewo si a foni yokha. Amalume anu ndiyankhula nawo ndekha, mwaulemu wake, kuti pasapezeke wonena kuti mkamwini wathawa munda. Akafuna kunyoza anyoze ine.

Koma chachikulu ndi ichi, ndipo chimenechi sindingakuchitireni. Munthu amene angamuuze mwana wanga kuti khala pansi, iye n'kukhaladi, si ine, si dokotala. Ndi inu, mwini mudzi. Mumuuze pamaso pa abale anu, mokweza, kuti amve onse. Musadikire kuti apemphe soda.

Taona agogo ako akuitana, akufuna madzi. Ndikubwera, inu! Wamaliza? Usawerengenso, ndikamva ndiyamba kuchotsa zina. Mayunitsi alimo? Dzuwa lapendeka, anthuwo aweruka kumunda posachedwa, ndikufuna uthengawu uwapeze asanatsegule kapepala ka soda. Tumiza pompano, ndikuona.